Masiku Asanu a Mchere

M'khitchini mwathu kuno ku Barking muli kabotolo ka chivindikiro chofiira. Kale munkakhala khofi, tsopano timasungiramo mchere. Malo ake ndi m'kabati, kuseri kwa mafuta ophikira. Koma mwezi uliwonse, kwa masiku asanu, ndinkakatulutsa n'kukakhazika pafupi ndi chitofu, poonekera. Amuna anga akalowa kuchokera ku ntchito n'kukaona pamenepo, ankavula jekete, kusamba m'manja, kuvundukula mphika wa ndiwo n'kuthiramo mchere. Sankafunsa kanthu, inenso sindinkanena kanthu. Tinayamba zimenezi chaka chomwe tinafika m'dziko lino, mwana wathu wamkazi akadali kuyamwa, ndipo tinapitiriza mpaka mwanayo atalowa yunivesite ku Greenwich.

Chiyambi chake n'chakale. Nditatha msinkhu, azakhali anga ndi amayi ena awiri anandilowetsa m'nyumba, natseka chitseko, n'kundilangiza tsiku lonse. Zambiri zinalowera khutu ili n'kutulukira linali, koma chimodzi chinandimatirira: mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo. Akathira, wodya ndiwozo, makamaka mwamuna wake, amadwala tsempho. Amayamba ndi chifuwa, kenako miyendo kutupa, kenako kuonda. Kumudzi si nkhani yovuta, umangoitana aliyense ali pafupi kuti akuthirire. Ku London ungaitane ndani? Woyandikana naye nyumba amene mumangogwedezerana mutu pa masitepe? Ndiye ntchitoyo inagwera mwini wake wa tsempholo.

Musandifunse ngati ndinkakhulupirira. Ndine namwino, ndinawerenga mabuku a thupi la munthu mpaka maso kuwawa, ndipo palibe tsamba limene linatchula za mchere wa m'nyemba. Ndinenso Mkhristu wovala yunifolomu ya amayi a mpingo. Komabe tsikulo likakwana, dzanja langa linkakana lokha. Ndinkadziuza kuti palibe chimene ndikutaya, munthu sangafe chifukwa choti mchere wathira wina. Ndiponso masiku asanu amenewo amuna anga ankabwera molawirira. Amagwira ntchito m'sitolo ina yaikulu ku Wembley, ulendo wa sitima ziwiri, ndipo masiku ena ankakhotera kwa anzawo kukaonera mpira. Koma kabotolo kakatuluka ankabwera osakhota, kuopa kuti tingagone ndi njala kapena kudya zosakolera.

Panalinso china chimene kabotoloko kankanena, chimene sitinkachitchula. Mwana tili naye mmodzi yekha. Pambuyo pa iye ndinapita padera kawiri, ndipo kachiwiriko ndinatsala pang'ono kutsikira kuli chete. Alamu anga, achemwali awo a amuna angawa, sanatope kufunsa pa foni kuchokera kumudzi kuti nanga kamwamuna kabwera liti, dzina la bambo awo litsala ndi ndani. Amuna anga ankayankha chimodzimodzi chaka ndi chaka, kwa iwo ndi kwa ine yemwe: nthawi ikadalipo, Mulungu sagona. Tsono malinga ngati kabotolo kankatuluka mwezi ndi mwezi, mawu amenewo anali oona. Nthawi inalipodi.

Ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, thupi langa linayamba kuchita zachilendo. Tsiku loyamba ndinali m'sitima ya District, mwezi wa Januwale, aliyense atadzikulunga mpaka m'makutu. Ndinangomva moto ukuyambira pachifuwa, kukwera m'khosi, kudzafika kumaso. Ndinavula chipewa, kenako sikafu, kenako jekete, mpaka mnyamata wina wa suti amene anakhala moyang'anizana nane anayamba kuwerenga foni yake mwakhama ngati muli mayeso. Ndinaganiza za malungo. Koma malungo ake ati, ine ndisanapite kwathu zaka zitatu? Udzudzu wa ku Barking ulibe mphamvu zotero. Pofika pa siteshoni yachitatu moto unali utazima, ine ndikunjenjemera m'bulauzi yonyowa.

Zinapitirira. Ndinkalowa m'chipinda n'kuiwala chimene ndadzera. Ndinakalipira mwana wanga pa foni chifukwa choyankha m'Chingelezi, chinthu chimene wakhala akuchita chibadwire. Ndinalira m'tchalitchi pa chilengezo cha kusintha kwa nthawi ya kwaya. Kenako mwezi wina tsiku linakwana, koma sipanaoneke kanthu. Ndinadikira sabata, masabata awiri, masabata asanu. Kabotolo kanakhala m'kabati.

Apa m'pamene ndinachita mantha, osati ndi thupi langa koma ndi amuna anga. Anayamba kundiyang'ana kawirikawiri. Pochokera ku msika ankandilanda zikwama zonse, ine n'kumayenda chimanjamanja ngati mlendo. Tsiku lina anabwera ndi malalanje odzaza pepala, munthu amene sanagulepo chipatso osatumidwa. Ndinadziwa chimene akuganiza, chifukwa nanenso ndinali nditachiganiza. Ndinakwera basi kupita kutali, ku famase, sitolo ya mankhwala, yomwe sindingakumaneko ndi amayi a mpingo, n'kugula kachipangizo koyezera mimba. Mtsikana wogulitsa sanandiyang'ane n'komwe, koma ine manyazi anandigwira ngati ndaba nkhuku. Kachipangizo kanati mulibe kanthu. Ndinakhala m'bafa osadziwa ngati ndipume kapena ndilire, ndipo ndinachita zonse ziwiri.

Patapita miyezi iwiri msambo unabwera, ndinatulutsa kabotolo, malalanje anasiya kubwera. Unabweranso kamodzi, pang'ono chabe. Kenako zii.

Dokotala wa pa kiliniki yathu, mayi wachifatse, anandifotokozera zimene ineyo ndinafotokozerapo odwala ambirimbiri: kuti ndikusiya kusamba, kuti si matenda, kuti alipo mankhwala obwezeretsa mahomoni ngati ndikufuna. Ndinagwedeza mutu mwanzeru, ngati mnzake wa ntchito. Ndinati ndikaganize. Ndinatuluka ndi timapepala tiwiri tofotokoza zonse, ndipo ndinatiponya m'bini ya pa siteji ya basi kuti tisafike kunyumba. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndinkaudziwa mwambiwo, koma ndinkayesa kuti mawa lakelo lili kutali.

Ndinaimbira azakhali aja. Tsopano ndi okalamba kwambiri, pa foni timachita kukuwa. Nditazungulirazungulira ndinawauza. Anati, “Eya, ndiye kuti mwakula. Mchere muzithira nokha tsopano.” Basi. Anayamba kundiuza za mbuzi ya eni ake yomwe inalowa m'dimba mwawo. Ndinawabweza, ndinafunsa ngati panalibe malangizo, ngati panalibe mankhwala a moto wa m'thupiwu. Anati mitsitsi yake inalipo, koma amene ankaidziwa anamwalira kalekale, ndipo iwo anangopirira mpaka zinatha zokha. Ndinakwiya nawo, ngakhale sindinawaonetse. Polowa, nditangotha msinkhu, anandikhazika pamphasa tsiku lathunthu, amayi atatu, nyimbo ndi nthungululu. Potuluka panalibe ngakhale wondisonyeza khomo.

Amene anandisonyeza kanthu anali mayi wa ku Jamaica amene ndimagwira naye ntchito ku nyumba yosamalirako okalamba. Ndi wamkulu kwa ine ndi zaka khumi, wa pakamwa posapsatira. Anandipeza nthawi yopuma nditatsegula firiji ya m'chipinda chathu chodyera, mutu nditaulowetsa m'kati ngati ndikufuna mkaka. Anaima kumbuyo kwanga kanthawi, kenako anati mkaka uli pa tebulo, nditseke firijiyo zakudya za anthu zingaonongeke. M'mawa mwake anandipatsa kathumba ka pepala. Munali mitsitsi youma, yopyapyala, yoderako, yodulidwadulidwa ngati tinkhuni toyatsira mbaula. Anati dzina lake ndi sasaparila. Agogo ake ankaiwiritsa kwawoko, amayi ake chimodzimodzi, amati imatsuka magazi ndi kuziziritsa akazi a msinkhu wathu. Anandiuza kuti nditape kadzanja kamodzi, ndiwiritse mpaka madzi afiire, ndizimwa kapu m'mawa ndi madzulo. Ikatha ndikagule pa kasitolo ka zitsamba kufupi ndi msika wa ku Barking komweko.

Ndinamufunsa motsitsa mawu ngati imabwezeretsa msambo. Anandiyang'ana ngati ndamufunsa njira yobwerera kundende. Anati siibwezeretsa, ndipo ukuufuniranji? Iye tsiku limene anatsimikiza kuti zatha anagula diresi loyera. Ndinaseka naye, koma funso lakelo sindinaliyankhe.

Ndinawiritsa tsiku lomwelo amuna anga asanabwere. Madzi anachita thovu, khitchini yonse inanunkhira ngati dothi lonyowa losakaniza ndi kanthu kotsekemera. Kukoma kwake sindingakunamizeni, n'kwa mtengo. Ndinamwa nditaimirira, ndikudziseka: namwino wa dipuloma, amene amakalipira okalamba akabisa mapiritsi pansi pa pilo, akumwa mitsitsi ya agogo a munthu wina, ochokera ku chilumba chimene sanachionepo. Nditafunsa wa ku famase ina, anati palibe umboni wogwirika woti imathandiza, ndipo ndiwauze adokotala ngati ndikumwa mankhwala ena. Zimenezo ndinkazidziwa. Mnzanga anali atandiuzanso poyera kuti siibweza kanthu. Komabe kapu iliyonse ndinkaimwa ndi kachiyembekezo kobisika, kuti mwina mwa ine igwira mosiyana. Amuna anga atafunsa za fungolo ndinati ndi tiyi wa miyendo, chifukwa timaima tsiku lonse. Anati oho.

Kodi inkathandiza? Sabata ina moto unkabwera kawiri kokha, ine n'kumayamika Jamaica yense. Sabata yotsatira unkabwera kasanu pa tsiku, n'kumati mwina ndachepetsa mitsitsi, mwina ndawiritsa mothamanga, mwina imafuna munthu wachikhulupiriro chonse osati wa mitima iwiri ngati ine. Mapanga awiri avumbwitsa, ine ndinali ndi atatu: chipatala, tchalitchi ndi mphika wa sasaparila, ndipo mvula inkandipeza pakati.

Koma chachikulu chimene ndinachita n'chakuti ndinayamba kunama. Mwezi utatha wopanda kanthu, ndinakumbukira malalanje aja, ndinakumbukira maso a amuna anga, ndipo ndinaona kuti njira zilipo ziwiri zokha. Kabotolo kakapanda kutuluka, adzayembekeza mwana amene kulibe. Ndikawauza zoona, ndiye kuti ndawauza kuti nthawi ija ankati ikadalipo yatha, dzina la bambo awo lathera m'manja mwanga. Ndinkaopa kuti adzandiona bwanji. Ndinkaopanso alamu anga, amene anali atanenapo mwanthabwala kuti kumudzi atsikana alipo ambiri ofuna kuona ndege. Tsono ndinapeza njira yachitatu. Ndinatenga pepala la mashifiti anga lomwe limakhala pa chitseko cha firiji, ndinaika kadontho pa tsiku lina, ndipo tsikulo litakwana ndinatulutsa kabotolo.

Anabwera molawirira, anasamba m'manja, anathira mchere. Masiku asanu atatha ndinakabweza m'kabati. Zinayenda bwino kwambiri moti ndinachita nazo mantha. Ndinachitanso mwezi wotsatira, ndi winawo. Thupi langa lenileni silinasungepo nthawi bwino chotero, linkachedwa kapena kufulumira, koma msambo wa pa pepalawu unali wosaphonya ngati sitima ya c2c, yosunga nthawi ija yodutsa pa Barking pano. Ndinachita zimenezi miyezi khumi. Lamlungu ndinkaimba nawo nyimbo za choonadi ku tchalitchi.

Tsiku limene zinavuta linali Lachiwiri la mu Novembala, tsiku lachiwiri la masiku anga abodzawo. Ndinkaphika nkhuku. Kabotolo kanali pamalo pake pafupi ndi chitofu. Mwana wanga anaimba foni, akudandaula za mnzake wa m'chipinda amene amadya zakudya zake, ine foni ili pakati pa khutu ndi phewa, moto uja nawonso n'kundiyamba, thukuta lili kamukamu. Ndinalawa msuzi, ndinamva kuti sunakolere, dzanja linapita lokha. Dzanja lomwe lija linkakana zaka zonsezi, tsiku limenelo silinakane, chifukwa linkadziwa zoona. Ndinathira, ndinatakasa, ndinavundikira, ndipo ndinaiwaliratu. Amuna anga atalowa ndinali kuchipinda kusintha bulauzi. Ndinamva madzi akutuluka pa mpopi, ndinamva chivindikiro cha mphika, koma mutu wanga sunalumikize kanthu.

Tinakhala pa tebulo. Nthongo yoyamba itangofika m'kamwa ndinadziwa. Mchere wake unali woti ungaumitsire nsomba. Amuna anga anasiya kutafuna, nayang'ana mbale, kenako ine.

“Munathira kale?”

Ndinati mwina ndi nkhuku yake, za m'masitolo muno amaziviika m'madzi a mchere. Bodza lopanda miyendo, nkhuku yomweyo takhala tikugula zaka khumi. Sanatsutse. Anadya mbale yonse, pang'onopang'ono, akumwera madzi, mpaka anapukuta msuzi. Ine ndinangotola nyama imodzi.

Lachisanu anayamba kutsokomola.

Mu Novembala London yense amatsokomola. M'sitima, m'basi, ku ntchito kwathu okalamba theka anali ndi chimfine. Ndinkadziwa zimenezo. Ndinkadziwanso kuti ngakhale azakhali anga atakhala kuti ankanena zoona, tsempho silikanawagwira, popeza sindinali kumwezi. Koma iwo sankadziwa. Kwa iwo, mkazi wawo anatulutsa kabotolo, kenako anathira mchere ndi dzanja lake, kenako ananamizira nkhuku. Akatsokomola m'bafa ine ndinkatchera khutu. Ndinayamba kusuzumira akakolo awo ngati atupa, ine yemwe wodziwa kuti palibe chifukwa. Ndinafika podzifunsa ngati bodza nalo lili ndi tsempho lake. Sanandifunsenso kanthu, ankangomwa mankhwala a chifuwa n'kupita ku ntchito, ndipo kukhala chete kwawoko kunkandilasa kuposa mawu.

Loweruka alamu anga anaimba. Anali atalankhula ndi achimwene awo m'mawa, anamva chifuwacho. Anandipatsa moni wautali, anafunsa za mwana, za kuzizira, kenako anati chifuwa cha achimwene sichinawasangalatse, n'chouma, chonga chija chimagwira amuna pakhomo pakakhala posasamalika. Anati iwo sakunena kanthu, akungofunsa ngati zonse tikuzisunga bwino monga tinalangizidwira, poti kunja kuno anthu amaiwala. Amene anakulira kwathu akudziwa kulemera kwa funso limenelo. Tsempho satchulira mchere wokha, amatchuliranso mkazi woyenda njira zina. Ndinayankha mwaulemu kuti ndi chimfine cha nyengo. Ndinadula foni. Sindinadziwe ngati amuna anga anawauza za nkhuku ija, kapena alamuwo anangoponya mwala m'tchire.

Lamlungu sitinapite ku tchalitchi. Masana ndinali m'khitchini ndikuwiritsa sasaparila, zenera lili pululu chifukwa moto unali utandiyambanso. Iwo analowa atafunda bulangete mpaka kumutu, nakhala pa mpando, akunjenjemera ndi mphepo yomwe ine inkandipatsa moyo. Tinali ngati anthu a m'maiko awiri m'kachipinda kamodzi. Anatsokomola, ndipo ndinaona kuti sindingathenso. Ndinalankhula nditayang'ana mphika.

“Bambo ake, chifuwachi si tsempho. Mchere uja ndinathiradi ndine, koma sindinali kumwezi. Ndinasiya kusamba. Chaka chikukwana.”

Ndinayembekeza. Madzi ankabwata, kunja basi inadutsa. Anakonza kukhosi.

“Ndikudziwa. Tsekani windo pang'ono.”

Sindinatseke. Ndinatembenuka n'kuwafunsa kuti akudziwa chiyani. Anafotokoza mofatsa, ngati akunena za ndandanda wa sitima. Anati bini ya m'bafa amataya ndi iwo, ndipo kuyambira nyengo ya Khirisimasi simunkapezeka kanthu. Paketi ya mapadi ya m'kabati inali yomweyomweyo, yotsegulidwa pakona pomwe paja. Tiyi wa miyendo uja anamukayikira, anatenga kamtsitsi kamodzi m'thumba n'kupita nako ku kasitolo ka zitsamba, ndipo wogulitsa anawauza kuti amayi ambiri a msinkhu wakutiwakuti amagula kameneko. Za nkhuku sanauze aliyense. Chifuwa anachitenga kwa mnzawo wa ku ntchito amene amayetsemula osatseka pakamwa.

Chozemba chinakumana ndi chokwawa. Ndinawafunsa kuti nanga ankathiriranji mchere miyezi yonseyi, akudziwa kuti ndikuwapusitsa.

“Munkatulutsa botolo. Ndikanatani?”

Anati ankaganiza kuti ine ndi amene sindinakonzeke, kuti ndikufunabe mwana, ndipo sanafune kukhala iwo ondilanda chiyembekezo. Apa ndinapsa mtima zenizeni. Ndinati ine? Si inu amene mwakhala mukuimba nyimbo ya nthawi ikadalipo zaka zonsezi? Si inu munagula malalanje? Anasisita m'mphepete mwa bulangete. Kenako ananena zimene sindinazimvepo chikwatiwire. Anati tsiku lija ndinapita padera kachiwiri, atakhala pa benchi ya chipatala osadziwa ngati nditulukamo wamoyo, anapempha Mulungu kuti asatipatsenso mimba ina. Mawu aja a nthawi ikadalipo ankawanena kuti atseke pakamwa achemwali awo, ndiponso poti ankaona ngati ine ndimawafuna. Malalanje aja sanali a chimwemwe. Anali ndi mantha, sankagona, ndipo sanadziwe china chogula.

Ndinakhala pansi. Sindikudziwa ngati ndinganene kuti ndinasangalala. Ndinamva kupepuka, inde, koma ndinamvanso ngati wandibera wina. Zaka khumi ndi zisanu ndinasenza mwana amene mwamuna wanga sankamufuna, iye akusenza yemweyo poganiza kuti ndikumufuna ndine, tikugona bedi limodzi. Ndinawauza kuti ndi munthu woipa, wosalankhula ngati chitsa. Anati nanga inu. Ndinalira, iwo anatsokomola, sasaparila anaphwera mumphika mpaka kununkha chopserera. Ndipo pansi pa zonsezo panali kachisoni kena kamene sikanali ka iwo kapena ka alamu anga. Ndinazindikira kuti mwina mnzanga wa ku Jamaica anafunsa bwino, ndipo yankho lake silinali amuna anga okha. Nanenso sindinkafuna kuti chitseko chitsekeke, ngakhale sindinkafuna kulowanso.

Madzulo amenewo ndinafufuta timadontho tonse pa pepala la mashifiti. Kabotolo, kamene ndinali nditakaiwala pafupi ndi chitofu, ndinakabweza m'kabati, kuseri kwa mafuta, ndipo ndinathira ndekha mchere m'ndiwo monga azakhali ananenera. Ndinayesa kumva ukulu umene amati ndaupeza. Ndinangomva ngati ndikuphika m'nyumba ya eni.

Chifuwa chinatha patapita sabata, alamu anga anapeza nkhani zina. Kwa dokotala ndinabwererako, tinakambirana bwinobwino, ndinamuuzanso za mitsitsi, iye analemba m'kompyuta osaseka. Sasaparila ndimamwabe masiku ena. Mnzanga akandifunsa ngati ikugwira ndimati ikugwira, wa ku famase akandifunsa ndimati sindikudziwa, ndipo onse awiri sindiwanamiza kwenikweni.

Mwezi wotsatira, sabata yomwe kadontho kakanakhalapo, ndinali kuphika nyemba. Ndinamva kiyi pa chitseko nthawi isanakwane, tsiku limene kunali mpira waukulu ndipo anzawo onse anali atasonkhana. Analowa, anavula jekete, anapita pa sinki n'kusamba m'manja mpaka m'zigongono monga mwa masiku onse. Atatembenuka anayang'ana pafupi ndi chitofu. Panalibe kanthu. Anaima pamenepo, bambo wa imvi m'ndevu, manja akudontha madzi, osadziwa kowaika. Anayamba kunena kuti sitima lero zinayenda bwino, n'chifukwa chake afika msanga.

Ndinatsegula kabati, ndinasuntha mafuta, ndinawapatsa kabotolo m'manja. Nyembazo ndinali ndisanathire. Ndinali nditalawa kawiri konse, supuni ili m'manja, ndikumvetsera chitseko.